Ku Chinkhoma chaka chimayamba mu Epulo

Mukadutsa pa Chinkhoma mu Januwale, pamsewu wa M1 m'boma la Kasungu, mashedi aatali a msika wa fodya amangoti zii. Mubwererenso mu Meyi. Malole ali ndondondo m'mbali mwa msewu, madalaivala atayala makatoni pansi pa magalimoto awo, amayi akuphika tiyi ndi kukazinga mandazi, ndipo fungo la fodya limakulowani mpaka kummero.

Ku Blantyre kuli msika wa masheya, Malawi Stock Exchange, komwe kampani ya NICO idakhala yoyamba kugulitsa masheya ake mu 1996. Koma mlimi wa kwa Santhe kapena kwa Wimbe akamati "msika watsegulidwa", sakunena zimenezo ayi. Akunena okushoni.

Okushoni ya fodya idayamba ku Limbe mu 1938, nthawi ya atsamunda. Kanengo idabwera mu 1979, Mzuzu mu 1993, ndipo Chinkhoma ndiye chitsirizira. N'zodabwitsa kuti dera lomwe fodya adamanga mizu chonchi lidalandira msika wake mochedwa. Kuno n'kwawo kwa Kamuzu Banda, ndipo m'nthawi yake maesiteti a kampani ya Press ndi a akuluakulu a boma adadzaza chigwa cha Kasungu. Lamulo la Special Crops Act linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale pamunda pake. Ofuna ndalama ya bale ankalowa utenanti, ambiri ochokera kummwera, n'kumadya chimanga cha ngongole kwa bwana mpaka fodya atagulitsidwa. Zidayamba kusintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, alimi ang'onoang'ono atawaloleza kugulitsa kudzera m'makalabu.

Mkati mwa shedi mabelo amandandalikidwa m'mizere, atatsekulidwa pamwamba. Ogula a Limbe Leaf, Alliance One, JTI ndi anzawo amayenda m'mbali, kusolola kachitsamba, kukapotokola, kukanunkhiza, wogulitsa akutchula mitengo mothamanga moti mlendo samva ndi liwu limodzi lomwe. Belo lomwe banja lidalivutikira kuchokera ku nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa mpaka kudinda pa jeke, limapatsidwa mtengo m'masekondi ochepa, m'madola a ku America. Likakanidwa, limabwerera kukasankhidwanso, mlimi atagwira njakata.

Mitengo yakhala ikuyambanitsa anthu. Mu 2009 Bingu wa Mutharika adapitikitsa m'dziko muno azungu anayi a makampani ogula fodya powanena kuti akudyera alimi masuku pamutu. Mu 2012 boma lidavomereza ulimi wa kontirakiti, ndipo lero fodya wambiri amagulidwa motero: kampani imakongoza feteleza, kenako n'kudzadula ngongole yake mlimi asanaone khobidi. Phokoso la okushoni lija likucheperachepera.

Kalendala yokha ndiyo sidasinthe kwenikweni. Bungwe la Tobacco Commission limalengeza tsiku lotsegulira, kawirikawiri mu Epulo, ndipo malonda amayenda Lolemba mpaka Lachisanu. Maholide atatu amagwera m'katikati mwa nyengoyi: 1 Meyi, tsiku la Kamuzu pa 14 Meyi, ndi 6 Julayi. Kwa wa mu ofesi ndi mpumulo. Kwa mlimi amene lole yake ili pamzere ndi tsiku linanso lodikira, eni ngongole ali pakhomo.

Pofika Seputembala, mashedi amakhala atatsekedwa kapena akumalizitsa, ndipo kudambo mbewu za fodya wa chaka chamawa zafesedwa kale.