Moto wa m'pulagi ndi masamu ake

Makaniko akati injini "ilibe moto", ndiye kuti mapulagi sakuthetheka. Nanga ayenera kuthetheka kangati? Pa injini za galimoto zambiri, silinda iliyonse imafuna moto kamodzi crankshaft ikazungulira kawiri. Chulukitsani rpm ndi chiwerengero cha masilinda, mugawe ndi 120, mupeza kuti moto ukufunika kangati pa sekondi. Masilinda anayi pa 3,000 rpm amafuna ka 100. Masamuwa sanasinthepo chiyambire. Chavuta anthu zaka zonsezi n'kupeza chipangizo chothamanga mofanana nawo.

Injini ya Étienne Lenoir ya mu 1860 inali kale ndi pulagi, koma inkazungulira mwaulesi moti za liwiro panalibe nkhawa. Mu 1902 Gottlob Honold wa ku kampani ya Bosch ku Stuttgart anapanga magneto yotulutsa magetsi amphamvu popanda batire. Kenaka Charles Kettering wa ku Dayton anabweretsa njira yomwe inalowa mu Cadillac ya 1910 n'kulamulira zaka zoposa 60: batire, koilo imodzi, distributor ndi mapointi.

Amene anatsegulapo distributor yakale amawadziwa mapointi: tizitsulo tiwiri tokhudzana, kena kali pa sipuling'i, mpata wake pafupifupi 0.4 mm. Tikakhudzana koilo imadzaza mphamvu, tikalekana moto umadumpha. Tizitsuloti tinkapsa ndi kudyeka, makaniko n'kumatipala kuti galimoto ifike kwawo. Koma chilema chenicheni chinali nthawi. Injini ya V8 pa 6,000 rpm imafuna moto ka 400 pa sekondi, kutanthauza mamilisekondi 2.5 okha pakati pa moto wina ndi unzake, ndipo gawo la nthawiyo mapointi ali otsegula. Koilo sinkakhuta, sipuling'i inkayamba kunjanja, injini n'kumadukiza pamene woyendetsa akuifunitsitsa.

Transistor ndiyo inalanda ntchito ya mapointi. Kampani ya Lucas inaiika m'galimoto za mpikisano wa Formula One mu 1962, ndipo pofika 1973 Chrysler inali itachotsa mapointi m'galimoto zake zonse za ku America. Ambiri amati kusintha kwakukulu n'kumeneku. Ine ndimati kunali theka chabe, poti koilo inali imodzibe, yotumikira masilinda onse.

Mpumulo unadza pamene pulagi iliyonse inalandira koilo yakeyake. Pa 6,000 rpm yomwe ija, koilo imodzi imawomba ka 50 basi, ndipo ili ndi mamilisekondi 20. Wowerenga nthawi ya moto tsopano ndi kompyuta, yomwe imamva kagudumu ka mano ka pa crankshaft. Kodziwika kwambiri kali ndi malo a mano 60 koma awiri anachotsedwa dala kuti akhale chizindikiro. Pa liwiro limenelo kompyuta imalandira uthenga ka 5,800 pa sekondi.

Mukamamanga geji ya rpm pa galimoto yakale ya koilo imodzi, yang'anani kaswitchi ka masilinda kumbuyo kwake. Mukakasiya pa 4 injini ili ya masilinda 8, muvi udzaloza pa 6,000 injini ikuzungulira pa 3,000.