Ulendo wa Pansi M'misewu ya Budapest ndi Dzina la Mayi Jane Haining

Lero ndiloleni ndikutengereni ku Budapest, likulu la dziko la Hungary. Mumzinda umenewu muli anthu amene ntchito yawo ndi kutsogolera alendo pa ulendo wa pansi, kuwaonetsa kumene Ayuda ankakhala ndi zimene zinawagwera pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ubwino woyenda pansi ndi wakuti miyendo imauza munthu zimene buku silingamuuze. Kumene anthu ankafa ndi njala, kumene ankawomberedwa, nyumba ya malamulo ndi matchalitchi, zonsezi zinali moyandikana, mtunda umene ngakhale nkhalamba ingathe kuyenda m'mawa umodzi.

Kawirikawiri ulendowu umayambira pa sunagoge wa mu msewu wa Dohány, amene anatsegulidwa m'chaka cha 1859. Ndiye sunagoge wamkulu koposa onse ku Ulaya, wokhala ndi mipando pafupifupi 3,000. Anthu samanga nyumba yotere pamalo pamene akudziona ngati alendo. Nkhondo isanayambe, mu Budapest munali Ayuda pafupifupi 200,000, ndipo ambiri a iwo ankalankhula chinenero cha dzikolo ndi kudziwerengera ngati eni nthaka monga wina aliyense. Koma mlendo akangotuluka m'chipinda chopemphereramo amapeza manda pabwalo pomwepo. Mwambo wa Ayuda suika manda pambali pa sunagoge. Amenewa anakumbidwa chifukwa chosowa pogwira, ndipo mugona anthu oposa 2,000 amene anafa m'nyengo yozizira ya kumapeto kwa 1944 ndi kuchiyambi kwa 1945. Kuseri kwake kuli mtengo wachitsulo wooneka ngati msondodzi woweramira pansi, ndipo pamasamba ake panalembedwa mayina a ophedwa.

Wotsogolera wabwino amaimitsa alendo ake apa ndi kubwerera m'mbuyo, chifukwa manda amenewa ali ndi chiyambi chake. M'chaka cha 1938 nyumba ya malamulo ya Hungary inakhazikitsa lamulo lochepetsa chiwerengero cha Ayuda m'ntchito monga udokotala, uloya ndi utolankhani, kuti asapitirire 20 pa anthu 100 alionse. Chaka chotsatira lamulo lina linatsitsa chiwerengerocho kufika pa 6. Apa ndi pamene ife a banja la Reformed tiyenera kumvetsera modzichepetsa. Atsogoleri a mipingo ikuluikulu anali ndi mipando m'nyumba ya malamuloyo, ndipo anavomereza malamulo awiriwa. Mmodzi wa iwo anali Bishopu László Ravasz wa mpingo wa Reformed, mlaliki wotchuka, wa chiphunzitso chofanana ndi chathu. Kunena zoona, pamene zinthu zinafika poipa mu 1944, bambo ameneyu anakadandaula kwa mtsogoleri wa dzikolo, Miklós Horthy. Koma madzi anali atafika kale m'khosi, ndipo ngalande yake iye anathandiza nawo kukumba.

Asilikali a Germany analowa mu Hungary pa 19 Malichi 1944. Pofika pa 5 Epulo, Myuda aliyense analamulidwa kuvala nyenyezi yachikasu pachifuwa. Kuyambira pakati pa Meyi kufika pa 9 Julayi, Ayuda pafupifupi 437,000 a m'maboma a kunja kwa likulu anakwezedwa m'mabogi onyamulira ziweto, ndipo pafupifupi onse anapita nawo ku Auschwitz. Zonsezi zinachitika m'masabata asanu ndi atatu okha. Adolf Eichmann anabwera ndi kagulu kochepa. Ntchito yolemba mayina, yosonkhanitsa anthu ndi yotseka zitseko za mabogi inagwiridwa kwakukulu ndi apolisi ndi alembi a boma la Hungary lomwelo, anthu obatizidwa, amene ambiri a iwo ankadziwa njira ya kutchalitchi.

Kuchoka pa sunagoge, alendo amalowa m'timisewu topapatiza ta dera lomwe kumapeto kwa 1944 linazingidwa ndi mpanda n'kusanduka ghetto, ndiko kuti khola la anthu. Pa nthawiyo boma linali m'manja mwa chipani cha Arrow Cross, chimene chinalanda ulamuliro pakati pa Okutobala. Anthu pafupifupi 70,000 anapanikizidwa m'dera losakwana ngakhale theka la sikweya kilomita, mpaka asilikali a Soviet Union anafika mu Januwale 1945. Lero m'misewu yomweyi mwadzaza malo odyera ndi omwera, ndipo usiku mumakhala phokoso la achinyamata ochokera m'maiko ambiri. Sindiwadzudzula, pakuti mzinda suleka kupuma chifukwa cha maliro akale. Komabe n'chifukwa chake wotsogolera amafunika, popeza khoma silingakuitane kuti uime.

Otsogolera amatchulanso opulumutsa. Carl Lutz, wa ku ofesi ya kazembe wa Switzerland, anapereka makalata achitetezo kwa anthu zikwizikwi, ndipo ambiri anabisala m'nyumba yotchedwa Glass House mu msewu wa Vadász. Raoul Wallenberg wa ku Sweden anachita zofananazo, kenaka anagwidwa ndi asilikali a Soviet Union mu Januwale 1945, osabwereranso kwawo. Pambuyo pake ulendo umatsikira ku mtsinje wa Danube, kufupi ndi nyumba ya malamulo ija. Pagombe pali nsapato zachitsulo, mapeyala 60, za abambo, amayi ndi ana, zimene zinaikidwa mu 2005. Anyamata a Arrow Cross ankafika ndi anthu pamtsinje, kuwavulitsa nsapato popeza zinali ndi mtengo pamsika, ndi kuwawombera kuti madzi awatenge.

Tsono munthu akachoka pa nsapatozo n'kutsata mtsinje kulowera kummwera, akangodutsa mlatho wotchedwa Chain Bridge, amapeza kuti msewu wa m'mbali mwa madzi uli ndi dzina lachilendo m'dziko limenelo: Jane Haining. Mzinda unapereka dzinali mu 2010. Ndi dzina limeneli landichititsa kulemba zonsezi, pakuti mayi ameneyu anatumidwa ndi Church of Scotland, mpingo womwewo umene unakhazikitsa mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1876.

Mayi Haining anabadwira pafamu ku Dunscore, kummwera kwa Scotland, mu 1897. Anagwira ntchito ya ulembi zaka khumi pa kampani yopanga ulusi ku Paisley, ndipo mu 1932 anapita ku Budapest kukakhala woyang'anira atsikana ogonera pa sukulu ya mishoni mu msewu wa Vörösmarty. Ambiri mwa ana a pasukulupo anali Ayuda. Tisabise mawu, mishoniyo inakhazikitsidwa ndi cholinga chofalitsa Uthenga Wabwino pakati pa Ayuda, ndipo Ayuda ena amaiona nkhani imeneyi ndi diso lina. Koma ntchito ya tsiku ndi tsiku ya mayiwa inali yoti ana adye, asambe, avale ndi kugona bwino. Nkhondo itayamba mu 1939 iwo anali pa tchuthi ku Britain, ndipo anabwerera msanga ku Budapest. Mu 1940 akuluakulu a mpingo ku Edinburgh anawauza kuti abwerere kwawo. Iwo anakana, chifukwa sanafune kusiya anawo.

Amene anawapereka sanali msilikali. Anali mkamwini wa mayi wophika pasukulupo, amene Mayi Haining anamudzudzula atamupeza akudya chakudya cha ana pa nthawi imene chakudya chinali chosowa. Kumapeto kwa Epulo 1944 a Gestapo anafika kudzawatenga. Pa milandu imene anawatsegulira panali wogwira ntchito pakati pa Ayuda, womvera wailesi ya BBC, wokayendera asilikali a Britain ogwidwa pa nkhondo, ndi wina umene ndimauganizira kawirikawiri: wakuti analira chifukwa cha nyenyezi zachikasu pa zovala za atsikana awo. Kunena kwina, panali munthu amene anaona misoziyo, n'kuisunga mumtima, n'kukainena.

Anawasunga m'ndende ya mu Budapest, kenaka ku msasa wa Kistarcsa, ndipo mu Meyi anafika ku Auschwitz, kumene anawalemba nambala 79467 pamkono. Anamwalira pa 17 Julayi 1944 ali ndi zaka 47. Mu 1997 bungwe la Yad Vashem ku Yerusalemu linawaika m'gulu la anthu a mitundu ina amene anaika moyo wawo pachiswe chifukwa cha Ayuda.

Sukulu ija inali kunja kwa malire a ghetto, choncho wofuna kuiona ayenera kupempha wotsogolera kuti apatuke pang'ono. Nyumbayo ilipobe mu msewu wa Vörösmarty, ndipo mpingo wa St Columba, wa Church of Scotland, umasonkhanabe pomwepo Lamulungu lililonse.