Golide wa mu Kachipangizo Koyezera Malungo

Mlangizi wa zaumoyo ku Migowi kapena ku Nambazo, m'boma la Phalombe, akadontheza magazi a mwana pa kachipangizo koyezera malungo, amadikira mizere yofiira. Kufiirako si magazi ayi. Ndi timibulu ta golide tating'ono kwambiri, toti kuti tikwane milimita imodzi pamafunika toposa 20,000.

Mbiri yake ndi yakale. Mu 1857, Michael Faraday wa ku London adaonetsa kuti golide wosalala chonchi amafiiritsa madzi. Mu 1971, Faulk ndi Taylor adamatirira ma antibody pa timibuluti kuti tizigwira chinthu chimodzi chokha. Nzeruyi idalowa m'zipangizo zoyezera malungo mwachangu zomwe zidayamba kupezeka m'zaka za m'ma 1990.

Kuno kwathu, makina a maikulosikopu anali ochepa, choncho mwana wotentha thupi ankangopatsidwa mankhwala a malungo. Ena ankakhala akudwala chibayo, ndipo matendawo ankakula. Mu 2010, bungwe la WHO lidalangiza kuti wodwala aziyezedwa asanalandire mankhwala. Dziko la Malawi lidafalitsa zipangizozi mu 2011, ndipo pambuyo pake zidafika m'zipatala za m'midzi.

Kachipangizoka kamayankha mafunso awiri. Mzere wa C umanena ngati timibulu tayenda bwino. Mzere wa T umaoneka ngati timibulu tagwira puloteni ya HRP2, yomwe tizilombo ta Plasmodium falciparum timatulutsa. Mizere yonse iwiri ikaoneka, wodwala alandire LA. C yekha, afufuzidwe matenda ena. C akasowa, kuyezako kwalephereka ngakhale T ataoneka, ndipo kubwerezedwe. HRP2 imatsalira m'magazi kwa milungu ingapo munthu atachira, n'chifukwa chake kufunsa za mankhwala amene adamwa kale n'kofunika.

Lamulo la "ichi pamodzi ndi icho" ndilo akatswiri akufuna kuti tinthu tating'ono tizitsatira tokha m'thupi. Mu 2012, Shawn Douglas, Ido Bachelet ndi George Church a ku Harvard adapanga kabokosi ka DNA kotseguka pokhapokha maloko ake awiri atakumana ndi zizindikiro zoyenera pa selo. Ntchitoyo idachitikira m'labotale. Ku Phalombe, amene amaphatikiza mayankho awiriwo akadali munthu: mlangizi wodikira mphindi zonse zolembedwa pa paketi, n'kuwerenga mzere wa C asanayang'ane wa T.