Kalulu, Mbeŵa ndi Munda wa Malalanje: Mbiri ya Disneyland

Nkhani ya lero ikuchokera kutali, ku dziko la America. Iyi ndi mbiri ya kampani ya Disney ndi malo ake a zisangalalo, malo otchingidwa ndi mpanda kumene anthu amalipira pachipata kuti akakwere akatungwe, tisitima ndi timabwato, komanso kuonerera zisudzo. Kunja kwake ndi mbiri ya chimwemwe, koma m'kati mwake muli ngongole, kulimbirana malo, ndiponso funso limene lidavutitsa woyambitsa kampaniyi moyo wake wonse: kodi chinthu chimene munthu wapanga ndi manja ake, mwini wake weniweni ndani?

Walt Disney adabadwa pa 5 Disembala 1901 mu mzinda wa Chicago. Ali mwana adakhalako pa famu ku Marceline m'chigawo cha Missouri, ndipo banja lawo litasamukira ku Kansas City, iye ndi mkulu wake Roy ankadzuka mbandakucha kukagaŵa nyuzipepala m'makomo. Luso lake lidali lojambula zithunzi. Kampani yake yoyamba yopanga makatuni, ya Laugh-O-Gram, idagwa ndi ngongole m'chaka cha 1923. Pamenepo adapita ku Hollywood, kumene iye ndi Roy adayambitsa kampani ina mu Okutobala chaka chomwecho. Walt adali wa maganizo atsopano, Roy adali wosunga thumba.

M'chaka cha 1927 abale aŵiriŵa adatchuka ndi makatuni a kalulu wotchedwa Oswald. Koma chaka chotsatira, Walt atapita ku New York kukapempha kuti malipiro akwere, adamva zoŵaŵa. Charles Mintz, amene ankagulitsa makanemawo, adali atanyengerera kale ambiri mwa amisiri ake ojambula, ndipo malinga ndi mapepala a pangano, kaluluyo adali wa kampani ya Universal. Walt adabwerera chimanjamanja. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Kuyambira pamenepo iye adatsimikiza mtima kuti chilichonse chimene angapange chizikhala m'manja mwake.

M'malo mwa kalulu, Walt ndi mnzake wokhulupirika Ub Iwerks adajambula mbeŵa, naitcha Mickey Mouse. Kanema wa Steamboat Willie, amene adaonetsedwa mu Novembala 1928 ali ndi mawu ndi nyimbo zogwirizana ndi zithunzi, adakweza dzina la kampani. M'chaka cha 1937 kudatuluka Snow White and the Seven Dwarfs, kanema wamtali wa makatuni amene adabweretsa phindu lalikulu. Komabe nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse idatseka misika ya ku Ulaya, ndipo m'chaka cha 1941 ojambula ambiri adanyanyala ntchito pa nkhani ya malipiro ndi ufulu wokhala m'bungwe la apantchito. Kampani idatuluka m'zaka zimenezo ili ndi ngongole.

Ganizo la malo a zisangalalo lidayamba ndi chinthu chaching'ono. Walt mwini wake ankasimba kuti Loŵeruka ankapita ndi ana ake aakazi aŵiri ku Griffith Park mu mzinda wa Los Angeles. Anawo akamazungulira pa akavalo a matabwa, iye ankangokhala pa benchi kumadya mtedza, nadzifunsa chifukwa chake panalibe malo oti kholo ndi mwana asangalalire pamodzi. Malo ambiri otere ku America nthaŵi imeneyo adali auve, aphokoso ndi odzaza anthu achinyengo. M'chaka cha 1951 adakacheza ku Tivoli mu mzinda wa Copenhagen ku Denmark, malo amene adatsekulidwa m'chaka cha 1843, ndipo adachita chidwi ndi ukhondo, maluŵa ndi ulemu wa antchito ake.

Ndalama ndiye zidali zosoŵa. Roy ankakayika, nawonso mabanki sadafune kuika chuma pa chinthu chimene sadachionepo. Walt adayambitsa kampani yakeyake ya WED Enterprises m'chaka cha 1952 kuti ikonze mapulani, ndipo adakongola ndalama pogwiritsa ntchito inshuwalansi ya moyo wake ngati chikole. Akatswiri a Stanford Research Institute atafufuza kumene anthu ndi miseu yatsopano zinkaloŵera, adasankha Anaheim, kum'mwera chakum'maŵa kwa Los Angeles. Kumeneko kampani idagula maekala 160, ambiri mwa iwo minda ya malalanje.

Chipulumutso chidachokera ku nyumba youlutsa mawu ndi zithunzi ya ABC, imene nthaŵiyo idali yaing'ono poyerekeza ndi zinzake. ABC idapereka madola 500,000, nivomera kukhala mboni pa ngongole ya madola 4.5 miliyoni. Posinthana, idalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malowo, pamodzi ndi pulogalamu ya mlungu ndi mlungu pa wailesi ya kanema. Pulogalamuyo, imene idayamba mu Okutobala 1954, inkaonetsa makatuni ndi m'mene ntchito yomanga inkayendera. Choncho ana a ku America adayamba kulakalaka malo amene adali asadamangidwe n'komwe.

Ntchito idatenga chaka chimodzi chokha, niwononga madola 17 miliyoni. Disneyland idatsekulidwa Lamulungu pa 17 Julayi 1955, ndipo tsikulo lidali lochititsa manyazi. Kudafika anthu pafupifupi 28,000, ambiri mwa iwo ndi matikiti achinyengo. Dzuŵa lidaŵala koopsa, phula latsopano lidafeŵa mpaka zidendene za nsapato za amayi zinkatitimira. Chifukwa amisiri a mipopi adali atanyanyala ntchito, Walt adayenera kusankha pakati pa zimbudzi ndi mipopi ya madzi akumwa. Adasankha zimbudzi, ndipo alendo adavutika ndi ludzu. Chakudya chidatha, makina ena adafa, ndipo mbali ina idatsekedwa chifukwa cha gasi amene ankatuluka. Zonsezi zinkachitika mwambo ukuulutsidwa m'dziko lonse, ndipo mmodzi mwa oulutsawo adali Ronald Reagan, amene pambuyo pake adadzakhala pulezidenti. Antchito adalitcha tsikulo Lamulungu Lakuda.

Komabe zolakwikazo zidakonzedwa msanga, ndipo m'milungu isanu ndi iŵiri alendo adakwana miliyoni imodzi. Chimene chidakopa anthu chidali dongosolo. Khomo loloŵera lidali limodzi, ndipo mlendo ankayamba wadutsa mu mseu wofanana ndi wa tauni yaing'ono yakale, nafika pakati pamene njira zinkagaŵikira ku madera osiyanasiyana: la nthano, la nkhalango, la atsamunda a kumadzulo kwa America, ndi la zam'tsogolo. Mtumbira wa dothi udazungulira malo onse kuti mlendo asaone za kunja. Antchito ankaphunzitsidwa kumwetulira ndi kutola zinyalala. M'chaka cha 1960 Disney idagula gawo la ABC pa madola 7.5 miliyoni, ndipo posakhalitsa malo onse adakhala a kampaniyo.

Koma kunja kwa mtumbira kudamera vuto lina. Amalonda adagula malo oyandikana nawo, namangapo mahotela, malo odyera ndi zikwangwani zoŵala usiku. Phindu la alendo amene Disney idaitana linkagwera m'matumba a ena, ndipo malo ofutukulira adatha. Kwa Walt izi zidali ngati nkhani ya kalulu uja kachiŵiri. Motero m'zaka za 1964 ndi 1965 nthumwi zake zidayamba kugula mwakachetechete madambo ndi mabusa a ng'ombe pafupi ndi Orlando m'chigawo cha Florida, pogwiritsa ntchito timakampani ta maina ena kuti eni malo asakweze mitengo. Pamene nyuzipepala ya Orlando Sentinel inkaulula chinsinsichi mu Okutobala 1965, kampani idali itagula kale maekala oposa 27,000 pa madola pafupifupi 5 miliyoni. Ambiri mwa ogulitsawo sadadziŵe amene ankamugulitsa.

Walt sadaone chipatso cha malowo. Adamwalira ndi khansa ya m'mapapo pa 15 Disembala 1966, ali ndi zaka 65. Roy, amene adali wokonzeka kupuma pa ntchito, adaimika zopumazo kuti amalize zimene mng'ono wake adayamba. M'chaka cha 1967 boma la Florida lidakhazikitsa dera lapadera la Reedy Creek, limene lidapatsa kampani mphamvu zonga za khonsolo: kumanga miseu, kuyang'anira madzi ndi magetsi, ndi kukhala ndi ozimitsa moto akeake. Walt Disney World idatsekulidwa pa 1 Okutobala 1971, ndipo Roy adamwalira mu Disembala chaka chomwecho. Pa malo omwewo padaonjezedwa EPCOT m'chaka cha 1982 ndi Animal Kingdom m'chaka cha 1998, kumene alendo amaona njovu, mikango ndi akadyamsonga a ku Africa.

Kutsidya kwa nyanja, funso la umwini lidabweranso. Tokyo Disneyland, imene idatsekulidwa mu Epulo 1983, idamangidwa ndi ndalama za kampani ya ku Japan ya Oriental Land, ndipo Disney idavomera kumangolandira gawo la ndalama zoloŵa. Malowo atayenda bwino koposa, akuluakulu a Disney adadandaula kuti adasiyira ena phindu lalikulu. Choncho ku France adatenga gawo la 49 pa 100 aliwonse la Euro Disney, imene idatsekulidwa pafupi ndi Paris pa 12 Epulo 1992. Apa zinthu zidatembenuka. Mahotela adamangidwa ochuluka, chuma cha ku Ulaya chidali chitaloŵa pansi, ndipo lamulo loletsa vinyo silidakondweretse Afalansa. Pofika 1994 malowo adatsala pang'ono kugwa, ndipo adapulumuka mabanki atavomera kukonzanso ngongole. Dzina lidasinthidwa kukhala Disneyland Paris. Ku Hong Kong m'chaka cha 2005 ndi ku Shanghai m'chaka cha 2016, kampani idavomera kukhala ndi gawo locheperapo, lalikulu n'kukhala m'manja mwa maboma a kumeneko.

Akuluakulu adatinso chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. M'chaka cha 1955 munthu wamkulu ankaloŵa ndi dola imodzi, nalipira padera pa chokwera chilichonse. Pofika 2015 tikiti ya tsiku limodzi ku Florida idapitirira madola 100, ndipo m'chaka cha 2024 ya masiku otanganidwa ku Anaheim idapitirira madola 200. Mabanja ambiri wamba, amene Walt ankaŵaganizira pa benchi paja, adayamba kulephera kufikako. Antchito nawo adalimbana ndi kampani kangapo pa nkhani ya malipiro. Mliri wa COVID-19 utabuka, Disneyland idatsekedwa kuyambira Malichi 2020 mpaka kumapeto kwa Epulo 2021, ndipo mu Seputembala 2020 kampani idalengeza kuti ichotsa antchito 28,000.

Nkhani ina ikukhudza anthu a mu Africa. Kwa zaka zambiri, pa ulendo wa pabwato wotchedwa Jungle Cruise, alendo ankaonetsedwa zidole za anthu akuda ngati anthu olusa onyamula mikondo. Ana mamiliyoni ambiri adakula ndi chithunzi chimenecho. Anthu atadandaula kwa nthaŵi yaitali, kampani idachotsa zidolezo m'chaka cha 2021. Ngakhale mphamvu za ku Florida zija zidagwedezeka: m'chaka cha 2023, itakangana ndi bwanamkubwa Ron DeSantis, kampani idalandidwa ulamuliro wa dera la Reedy Creek, ndipo bwanamkubwayo adasankha anthu ake oyendetsa deralo.

Mbiriyi ili ndi mathero odabwitsa. ABC, imene idapulumutsa Disneyland ndi madola 500,000, idagulidwa ndi Disney m'chaka cha 1996 pa madola 19 biliyoni. Kalulu Oswald adabwerera kwawo m'chaka cha 2006, patapita zaka 78, pamene Disney idagwirizana ndi NBC Universal, nilola muulutsi wake wa zamaseŵera Al Michaels kupita kumeneko. Koma pa 1 Januwale 2024 nthaŵi ya umwini wa Steamboat Willie idatha malinga ndi malamulo a ku America, ndipo mbeŵa ya mu kanemayo idakhala ya aliyense wofuna kuijambula. Kalulu adabwerera m'khola, mbeŵa yoyamba idatuluka.

Omvera amene ali ndi luso, kaya loimba, lolemba kapena losema, angatolepo phunziro pa mnyamata uja amene adachoka ku New York chimanjamanja: luso lokha silikwanira ngati munthu sadaŵerenge bwino pepala limene akusainira. Nawonso eni malo angakumbukire alimi a ku Florida, amene adagulitsa madambo awo asadadziŵe wogula ndi cholinga chake.