Ndalama ya Rhodes ndi Manja a Machona

Mu 1953 mzinda wa Bulawayo udachititsa chionetsero chachikulu chokumbukira kuti padatha zaka 100 chibadwire Cecil Rhodes, yemwe manda ake ali kumapiri a Matopos, kumwera kwa mzindawu. Chaka chomwecho boma la Southern Rhodesia lidatulutsa ndalama yachitsulo ya mashileni asanu. Mbali imodzi kuli mutu wa Mfumukazi Elizabeth Wachiwiri, mbali inayo kuli nkhope ya Rhodes pamwamba pa zishango zitatu: cha Southern Rhodesia, cha Northern Rhodesia ndi cha Nyasaland. M'chaka chomwechonso maiko atatuwa adalumikizidwa m'Chitaganya, ngakhale kuti mafumu ambiri ndi chipani cha Nyasaland African Congress adakana kwamtuwagalu.

Lero ndalamayi simungagulire ngakhale mchere, koma anthu osonkhanitsa ndalama zakale amaifuna. Asanatchule mtengo, amafunsa mafunso awiri. Loyamba n'lakuti, kodi ndi yeniyeni? Amaiika pasikelo, chifukwa yeniyeni imalemera magalamu 28 ndi pang'ono, ndipo theka lake ndi siliva. Maginito saigwira. Amaonanso malemba ozokotedwa m'mphepete mwake, omwe opanga zachinyengo amavutika kuwatsanzira.

Funso lachiwiri n'lakuti, yaperepeseka bwanji? Apa amagwiritsa ntchito muyeso womwe William Sheldon wa ku America adayambitsa mu 1949, wochokera pa 1 kufika pa 70. Makampani monga PCGS, yomwe idayamba mu 1986, ndi NGC, ya mu 1987, amaunika ndalama ndi galasi lokuza zinthu, kuipatsa nambala, n'kuitsekera m'kapulasitiki. Ndalama yomwe siidayendepo m'manja mwa anthu imapeza 60 kapena kuposa. Yotha nkhope imatsika, ndipo yokwechedwa ndi phulusa kuti iwale imagwa mtengo kwambiri.

Muyeso umenewu ndi wachilungamo pamsika, koma kwa ife ana a machona ukusiya mbali yaikulu ya nkhani. Kuyambira 1932 ndalama za Southern Rhodesia zinkagwiranso ntchito ku Nyasaland. Amuna ochokera ku Dedza, Ntcheu ndi Mzimba ankabwera kuno, ena kudzera kwa Mthandizi, ena wapansi paokha, kudzagwira ntchito kunjanji, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Ambiri ankagona ku Makokoba. Malipiro awo ankawerengedwa m'mashileni, matiki ndi makobiri. Ndalama zimenezo zinkamangidwa pakansalu, kupita kumudzi, kukalipira msonkho, kugula bulangete, n'kubwereranso m'thumba la wina. Mu 1947 boma lidachotsa siliva m'ndalama za tsiku ndi tsiku, koma ulendo wake sudasinthe. Tiki yomwe akatswiri angaipatse 4 idafika pamenepo chifukwa idadyetsa mabanja ambiri. Ya Rhodes yopeza 65 idagona m'kabati ya munthu yemwe sadaone chosowa choti aigwiritsire ntchito.

Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963, ndipo Malawi idatulutsa ndalama zakezake mu 1964. Machona ambiri sadabwerere kwawo, ndipo m'nyumba zina za ku Bulawayo mudakali zitini za ndalama zakalezi. Mukapeza chitini chotere, musazikweche. Ngati agogo alipo, khalani nawo pansi muwafunse kuti adazipeza pantchito yanji, chaka chiti, ndipo n'chifukwa chiyani sadazitumize kumudzi. Mayankhowo muwalembe papepala n'kuliika m'chitini momwemo, kenaka ndiye mupite kwa wasikelo.