Mmene Chitumbuka chinasefukira m'midzi ya Angoni

Woyenda kumwera kwa Mzimba amawerenga mayina ngati Embangweni ndi Edingeni n'kuganiza kuti akafikako akamva Chingoni. Akatsika basi, chomulonjera ndi Chitumbuka.

Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu November 1835, dzuwa litadetsedwa ndi kadamsana. Patapita zaka pafupifupi 20, mwana wake M'mbelwa anakhazikitsa ufumu m'dziko la Atumbuka. Nthungo zinagonjetsa eni dera, koma pakhomo panachitika zina. Ankhondowo anakwatira akazi achitumbuka, ndipo mwana amayamwa mawu a mayi ake, amene amakhala naye pamtondo ndi pamoto. Bambo ankaweruza milandu m'Chingoni pakhola la ng'ombe, ana akusewera panja m'Chitumbuka.

Pakati pa Angoni, amishoni a Livingstonia poyamba anadalira Chingoni. Dr Walter Elmslie anasindikiza galamala ya Chingoni mu 1891. Koma mmene Donald Fraser ankatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, madzi anali atafika kale m'khosi, ndipo sukulu ndi tchalitchi zinatsamira ku Chitumbuka.

Sikuti zonse zinamira ayi. Chingoni chinakakamira m'nyimbo za ingoma, m'ziwongo monga Jere, m'maudindo a inkosi ndi induna, ndiponso m'mawu oti lobola. Chomvetsa chisoni n'chakuti achinyamata ambiri amaimba nyimbozo osadziwa tanthauzo lake.

Chaka chilichonse mu August, Angoni amasonkhana paphiri la Hora pamwambo wa Umthetho. Pamisonkhano ngati imeneyi, akuluakulu amene akulankhulabe Chingoni ajambulidwe mawu msanga, akadali moyo.