Ng'oma Yochiza Mtima: Mbiri ya Vimbuza

Makolo athu ankadziwa kuti nthenda sigwira thupi lokha. Ina imayambira mumtima ndi m'maganizo. Nzeru imeneyi imaonekera bwino m'gule wa vimbuza wa Atumbuka a ku Rumphi ndi ku Mzimba.

Guleyu anazika mizu m'zaka za m'ma 1800, Angoni atalowa m'deralo ndi nkhondo. Ogonjetsedwa, makamaka amayi, anasenza zowawa zimene sakanatha kuzitchula pabwalo la mfumu. Mizimu ndiyo inawatsegula pakamwa.

Wodwala amakhala pakati, amayi ndi ana akuimba ndi kuomba m'manja, amuna ali pang'oma. Nchimi, yemwe ndi sing'anga wa guleyu, amasintha nyimbo kufikira mzimu utadziulula. Pamenepo wodwalayo amavina, natulutsa zimene zinamanga mtima wake, popanda womudzudzula.

Amishoni anamuletsa guleyu pomutcha wachikunja, koma sanafe. Mu 2005 bungwe la UNESCO linamulemekeza pamodzi ndi Gule Wamkulu.

Ng'oma sichiza malungo. Amenewo ndi a kuchipatala. Koma lero, pamene ambiri akuvutika maganizo mwakachetechete, vimbuza akukumbutsa mtundu kuti wosweka mtima sasiyidwa yekha m'nyumba: mudzi wonse umamuzungulira.